Mphasa Yogawa Chipinda cha Laibulale

Ndiyambe ndadziulula ndekha anthu asanandiulule. Kwa nthawi yaitali ndinkakhulupirira kuti pakhomo pa laibulale pamaima munthu atagwira buku, ndipo aliyense wofuna kulowa amayamba wawerenga tsamba limodzi mokweza. Ukakakamira pa mawu atatu, basi, akubweza anthu akuona. Amene anandiuza zimenezi sindikumukumbukira. Mwina ndinapeka ndekha, poti mabodza anga woyamba kuwakhulupirira ndimakhala ine ndemwe. Sukulu ndinalekeza sitandade folo, chaka chimene aphunzitsi anayamba kulemba manambala ena pamwamba ena pansi, pakati kamzere. Ndinaona kuti apa zafika poipa, ndinatenga mpeni n'kuyamba kupala nsungwi. Ndiye atatsegula laibulale pamsika pathu, panjira yochokera ku Nsaru kupita ku Kabudula, ine ndinkadutsa tsidya lina la msewu, chipewa chili m'manja ngati ndikudutsa pamaliro.

Anandichotsa mantha ndi mayi woyang'anira mabukuwo. Ndikuti mayi chifukwa cha ulemu wa ntchito, koma ndi mwana, msinkhu wa adzukulu anga akuluakulu. Kwawo ndi ku Msundwe, koma anakulira m'tauni. Tsiku lamsika anaima pamene ndinayala malichero anga, n'kunyamula limodzi, kuliyang'ana uku ndi uku.

"Agogo, lichero ili mwaluka nokha?"

"Ayi mwanawe, amamera kumunda. Ine ndimangothyola."

"Ndiye Loweruka mubwere kulaibulale, mudzawaonetse ana kathyoledwe kake."

Ndinamufunsa kuti tsamba lija ndidzawerenge liti, kuti ndikayambiretu kuliloweza. Sanamvetse. Nditamufotokozera anaseka mpaka kukhala pa dengu langa logulitsa, n'kuliphwanya mbali imodzi. Dengulo lilipobe, akazi anga amasungiramo anyezi.

Kuseri kwa chipinda chowerengera kuli chipinda china chotalika, chimene kale chinali mosungira matumba. Nyumba yonse ndi ya komiti ya pamsika, ndipo mayi wa mabuku anachita kupempha chipindacho, kuwauza kuti Loweruka lililonse m'mawa muzikhala ntchito zamanja za ana ndi mabanja awo. Iye amayamba wawerenga nkhani imodzi yaifupi, kenako ana amakhala anga. Tinayamba ndi zing'onozing'ono: timikeka ta mlaza, tinsengwa, galimoto za mawaya, ng'ombe zadothi zimene zina zinkatuluka ngati mvuu. Mpeni ndinkagwira ndekha, chifukwa mayi wa mabuku ankati akaona mpeni pafupi ndi mwana mtima wake umaima. Choncho ndinkapala nsungwi za gulu lonse, dzanja mpaka kuuma, ana atandizungulira kudikira ngati anapiye.

Ana ankabwera ambiri, sindinama. Amayi awo Loweruka amakhala kudimba kapena pamsika ndi tomato, ndiye owaperekeza anali azigogo awo aakazi. Ankakhala m'mbali mwa khoma, miyendo atatambalala, kundidzudzula. Sabata yachitatu akazi anga nawonso anatulukira, akuti adzaone ngati n'zoona kuti kuli anthu ondimvera.

Anandipeza ana akunditchula aphunzitsi. Ine amene! Mwana amaimika dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, apa ndipinde bwanji?" Ndinkachita ngati sindinamve kuti abwerezenso. Panalinso mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi wotsiriza, amene kusukulu ankati ndi mbuli chifukwa akafunsidwa funso amangoyang'ana pansi. Ameneyo zala zake zinkaluka ngati anabadwa ndi nsungwi m'manja, ndipo anzake ankabwera kudzafunsa kwa iye. Loweruka likakwana ankandidzutsa tambala asanatsike pamtengo.

Chisangalalochi anachidula ndi atcheya a komiti. Ameneyu tinkaweta limodzi ng'ombe tili anyamata, koma iye fodya anamukomera, mimba inatsogola, jekete savula ngakhale mwezi wa Okutobala. Loweruka lina, nthawi yokolola, anaima pakhomo n'kuyang'ana zipalo za nsungwi zili mbwee pansi.

"Madala, tinagwirizana kuti chipinda chino n'cha mabanja, eti?"

"Ndi amenewa mukuwaonawa, atcheya."

"Ine ndikuona azigogo, ana ndi zinyalala. Banja lake liti lopanda bambo ndi mmodzi yemwe? Soya wa kalabu ali panja, akusowa kokhala. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndibweranso. Ndikadzapanda kupeza azibambo muno, matumba alowa."

"Nanga ine sindine bambo?"

"Iwe unasiya kalekale."

Azigogo aja anaseka, akazi anga anaseka koposa onse. Mayi wa mabuku yekha ndiye sanaseke. Atcheya atapita anandiuza kuti m'chipinda chowerengera sangalolemo dothi ndi nsungwi, ndipo panja pali fumbi ndi phokoso la msika. Chipinda chikapita, Loweruka lapitanso. Panatsala Maloweruka atatu. Ndinamuuza kuti asadandaule, azibambo a dera lino ndimawadziwa onse kuyambira ali ndi mamina, ndiwabweretsa ngakhale powamanga chingwe.

Ndinayamba ndi pabwalo la bawo. Anandimvetsera bwinobwino, maso ali pa njombwa, n'kunena kuti, "Tibwera, madala." Ndinapita pamene amaima akabaza. "Tibwera, madala." Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinaima pansi pa mtengo, kugwira mkono aliyense amene ana ake ndinkawaphunzitsa. Onse mawu amodzimodzi, ngati anachita kupangana. Ndinapitanso kwa mnzanga wa golosale, Msilamu, amene ankatipatsa makatoni ndi zingwe, ndipo ana ake awiri sankajomba. Iye anangokanda ndevu n'kunena kuti aona.

Loweruka loyamba linafika. Ndinavala malaya a kutchalitchi. Bambo mmodzi yekha, wakabaza, anafika mpaka pakhomo la chipinda chathu, kusuzumira, kutsokomola, n'kubwerera chambuyo ngati waponda moto. Ndinamuthamangira, koma nkhalamba ingapeze wakabaza? Tsiku limenelo ndinawatukwana azibambo a masiku ano pamaso pa azigogo onse. Ndinati ndi aulesi, ndi onyada, manja awo amangodziwa foni ndi botolo. Azigogo aja anangoyang'anana. Ine ndinayesa kuti akugwirizana nane.

Ndiye ndinakumbukira kuti pali mwamuna mmodzi padziko lino amene sangandikane: mkamwini wanga, bambo wa mdzukulu uja. Kwawo ndi cha ku Nambuma, koma anamanga pamudzi pathu pano monga mwa chikamwini, nyumba yake kuseri kwa nkhokwe zathu. Ndi kalipentala, munthu wofatsa, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Ndinamuitanira pansi pa mango. Anabwera n'kunjuta patali pang'ono, manja pamodzi.

"Wawa, bambo."

"Loweruka mupite kulaibulale ndi mwana wanu. Mutengenso anzanu atatu kapena anayi amene ana awo amabwera."

Iye anafunsa kuti, "Kodi kumeneko kumakhala ndani, bambo?"

"Kumakhala anthu. Mumayesa kumakhala afisi?"

"Wawa."

Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Mayi wa mabuku atamva kuti azibambo abwera, anakonza chipinda monga anaphunzirira kusukulu yake ya mabuku: banja lililonse mkeka wake, kuti gogo, bambo ndi mwana akhale pamodzi n'kuluka chinthu chimodzi. Ndinamuthandiza kuyala ndine, n'kumuyamikira kuti nzeru zake n'zakuya. Mkeka wathu ndinauyala kutsogolo kwenikweni, moyang'anana ndi khomo, kuti anthu aone banja la aphunzitsi. Akazi anga sindinawauze kanthu, ndimafuna kuwadzidzimutsa. Ndipo ndinawadzidzimutsadi.

Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva njinga panja. Mdzukulu wanga analowa akukoka dzanja la bambo ake, nkhope ikuwala, anzawo atatu ali pambuyo. Mkamwini anaponda phazi limodzi m'chipinda, kukweza maso, n'kukumana maso ndi maso ndi apongozi ake. Phazi lija linabwerera lokha. Munthu wamtali uja anapindika pakati, kutembenuka, n'kuwomba anzake pachifuwa. Akazi anga anakoka chitenje kudzifunda kumutu, n'kutembenukira kukhoma. Mmodzi wa atatuwo anasuzumira pamwamba pa phewa la mnzake, anaona apongozi akenso ali pamkeka wachitatu, ndipo anangoti, "Mayo!" Onse anayi anadutsa m'chipinda chowerengera ngati mbuzi zothamangitsidwa m'munda, panja njinga zikugwerana.

Mayi wa mabuku anandiyang'ana.

"Agogo, chachitika n'chiyani? Aona njoka?"

Gogo wina wa kumapeto ndiye anayankha, osayang'ana iye koma ine: "Mwatichititsa manyazi, abambo inu. Mwana uyu ndi wa m'tauni, timukhululukira. Koma inu, imvi zonsezi?"

Kwa amene anakulira kumene mkamwini ndi apongozi amadyera mbale imodzi, ndifotokoze. Kuno kwathu mwamuna sakhala malo amodzi ndi mayi wobereka mkazi wake. Sayang'anana, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Si chidani ayi, ndi ulemu waukulu kuposa wina uliwonse. Ndipo mwambowu sindinachite kumva kwa anthu. Ine amene, ndili mkamwini watsopano, ndinalumphira m'chitsamba cha chitedze pothawa apongozi anga panjira ya kudambo, n'kukanda thupi masiku atatu. Koma iwo anatisiya kalekale, ndipo munthu chimene chasiya kumuyabwa amachiiwala.

Ndinatuluka. Anzake anali atathawa, koma mkamwini ndinamupeza atanjuta kuseri kwa nyumba, akujambula pansi ndi kamtengo.

"Pepani bambo. Ndikanalowa bwanji? Amayi ali momwemo, khomo n'limodzi."

"Nanga anzanu aja?"

"Nkhani yake ndi yomweyi. Ana athu onse amaperekezedwa ndi apongozi athu. Anthu amafuna kubwera, bambo. Ana amatiuza zokoma za kuno, amatikoka. Koma ukalowa ukakhala pati?"

"Ndiye bwanji osanena? Sabata ziwiri ndikuyenda ngati wamisala, mukungoti tibwera, tibwera!"

Anayang'ana pansi. "Ife ana tikanakuphunzitsani bwanji mwambo inu akuluakulu? Timayesa mukudziwa, mwina mwakonza."

Nditabwerera m'kati ndinapeza mdzukulu wanga akulira mwakachetechete, kansengwa kamene ankafuna kuonetsa bambo ake kali pamiyendo. Tsiku limenelo tinaweruka msanga. Akazi anga anatsogola njira yonse osacheuka, ndipo titafika kunyumba ankalankhula ndi nkhuku, ine ayi.

Panatsala Loweruka limodzi.

Madzulo ake omwewo ndinabwerera kwa mayi wa mabuku asanatseke. Iye anali ndi maganizo ake. Loyamba, akuti tiwafotokozere anthu kuti mwambowu ndi wachikale. Ndinati chabwino, akayambe ndi akazi anga, ine ndikaonerera ndili patali. Lachiwiri, azibambo azibwera m'mawa, azigogo masana. Koma ana amabwera ulendo umodzi, ena kuchokera kutali, ndipo owaperekeza sangatsale panja padzuwa. Komanso ine ndekha sindinafune kuthamangitsa azigogo amene anatisunga miyezi yonseyi chifukwa chofuna kusangalatsa jekete la atcheya. Lachitatu linali langa: tikoke mashelefu a mabuku tigawe chipinda pakati. Tinayesa imodzi. Iye anaima uko, ine uku. Ndinasolola buku limodzi, ndipo ndinaona diso lake likundiyang'ana pabowopo.

"Ndakuonani, agogo."

"Basi, ukwati watha pamenepo."

Tili m'kati moseka ndinaona khomo lina kumapeto kwa chipinda, lotulukira kuseri, lokhomedwa ndi matabwa kuyambira nthawi ya matumba. Ndinayeza chipindacho ndi mapazi, khoma mpaka khoma. Ndinayeza kutalika kwa mkamwini wanga pakhoma, n'kuwonjezera dzanja limodzi. Mphasa yaikulu yogawa chipinda chotere pakati palibe amene amagulitsa. Inafunika kusokedwa, ndipo masiku anali asanu.

Lolemba m'mawa ndinatsikira kudambo ndi chikwanje. Maondo anga anayamba kudandaula tisanafike n'komwe. Madzi a nthawi imeneyo amazizira ngati ali ndi mano, ndipo bango labwino limamera pakati, osati m'mphepete. Ndinadula mtolo umodzi, ndinadula wachiwiri, pa wachitatu msana unakana kuwongoka. Ndinaima choweramira m'madzimo, kulankhula ndi msana wanga mwaulemu, kuupempha kuti undipirire mpaka Loweruka, ukatero uchite zimene ukufuna. Ndili chomwecho ndinamva zikwanje kumbuyo kwanga. Anali mkamwini ndi anzake atatu aja, othawa aja, mathalauza atapinda. Sindinawaitane. Mdzukulu wanga ndiye anaulula kwa bambo ake kumene ndalowera. Mkamwini sanalankhule zambiri, anangoti, "Khalani pamtunda, bambo," ndipo ine kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamvera mkamwini.

Tinang'amba bangolo tsiku lomwelo ndi m'mawa mwake, n'kuliyanika pabwalo la laibulale. Wosoka mphasa weniweni akanandiseka, chifukwa bango limafuna liume bwino, osati la masiku awiri. Ndinkapita kukalitembenuza katatu patsiku, kuyang'ana kumwamba ngati ndingakankhe dzuwa. Chingwe ndinakapempha kwa mnzanga wa golosale. Nditamufotokozera ntchito yake anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Ndiye mwazindikira lero? Ana angawo amabwera ndi ndani? Si mayi a akazi anga? Nafenso timaopana, madala, si inu nokha a ku mishoni."

"Nawenso sukananena?"

"Ndimafuna ndione kuti mutenga masiku angati."

Anandipatsa chingwe cha khonje, n'kulonjeza kuti khomo lakuseri likatseguka abwera.

Kusoka ndinayamba Lachinayi, mphasa ziwiri zoti zidzalumikizane pakati. Singano ya mphasa ndi yaitali, yachitsulo, ndipo kuti ibowole bango losaumitsitsa pamafunika dzanja lamphamvu. Langa linatupa pofika masana. Ndinalimanga nsanza n'kupitiriza. Mkamwini anazula matabwa a khomo lija, kukonza mahinjesi, n'kukhoma mitengo iwiri yomangirirapo mphasa, kenako anadzandilanda singano kuti ndipumule. Mayi wa mabuku ankabwera kudzayang'ana, n'kumafunsa ngati tithadi. Ndinkamuyankha kuti tatha kale, kwangotsala kusoka.

Lachisanu m'mawa chingwe chinatha, mphasa yachiwiri ili pakati. Kugolosale kunalibenso china. Ndinabwerera kunyumba nditagwira mutu, ndipo pakhonde ndinapeza mpukutu wa chingwe cha khonje chopota kumene, chosalala, chofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Kapotedwe kameneko ndimakadziwa. Akazi anga anali kuseri akupeta mtedza, ntchafu yawo yofiira ndi kupota.

"Zikomo, mayi."

"Ndinapotera mbuzi," anatero osandiyang'ana. "Koma poti mwatenga, tengani."

Tinamaliza dzuwa likupendeka. Titaimika mphasa zija chipinda chinasanduka ziwiri, china cha khomo lakutsogolo, china cha khomo lakuseri. Kumapeto kumodzi, chapansi, ndinadula kakhomo kofika m'chiuno mwanga, koti mwana adutse chowerama koma wamkulu asaone tsidya lina. Nditatero ndinakwera njinga kupita kumudzi wina wapafupi kukapereka moni kwa gogo wina wake. Za ulendo umenewo ndinena posachedwa.

Loweruka azigogo ndi ana analowera kutsogolo monga mwa nthawi zonse. Ine ndinaima pakhomo lakuseri. Woyamba anali mkamwini. Kenako anzake aja. Kenako wakabaza uja wotsokomola, mnzanga wa golosale ndi kachipewa kake koyera, ndi ena a kubawo amene sindinkawayembekezera. Aliyense ankayamba wasuzumira, kuona mphasa, kuigwira ngati akuyesa mlatho, ndiye n'kulowa. Mayi wa mabuku anaima pampando pafupi ndi mphasa kuti mawu ake amveke mbali zonse, n'kuwerenga nkhani yake. Azibambo anamvetsera atagwira zipewa, ngati ali mu ulaliki.

Ntchito ndinaigawa chonchi. Mipeni yonse mbali ya azibambo: iwo ang'ambe ndi kupala nsungwi. Ana azitenge, adutse pakakhomo, akayambe kuluka ndi agogo awo. Lichero likafika poika mkombero, libwererenso kwa bambo akalimange. Choncho lichero lililonse linkadutsa mphasa kangapo lisanathe, ndipo ine dzanja langa lotupa linapuma.

Poyamba aliyense ankanong'ona. Azibambo ankatsokomolera m'malaya. Ndiye tinamva mawu a gogo wina tsidya lija, okweza bwino ndithu, akuuza mdzukulu wake kuti, "Kawauze abambo ako kuti nsungwi iyi yakhuthala. Tikuluka lichero, osati khola la nkhumba."

Chipinda chonse chinamva. Koma mwanayo anadutsa pakakhomo, kukaima pamaso pa bambo ake, wakabaza uja, n'kubwereza mawu onse mpaka nkhumba yomwe. Bamboyo analandira nsungwi ndi manja awiri.

"Kawauze agogo kuti ndamva, ndipalanso. Uwauzenso kuti mpeni ndi wobwereka."

Mwana anadutsanso. Yankho linabwera: "Kawauze kuti mpeni ulibe mlandu."

Apa mkamwini wanga anaphulika. Munthu wogula mawu uja anaseka mpaka kugwetsa nsungwi, misozi m'maso, ndipo azibambo onse anatsatira, tsidya linalo nakonso chimodzimodzi. Kuyambira pamenepo mauthenga anayenda ngati basi ya m'tauni. Ana ankapikisana kunyamula. Mdzukulu wanga anabwera ndi lichero lake laling'ono kwa bambo ake kuti aike mkombero, ndipo iwo analitembenuza nthawi yaitali, n'kumufunsa kawiri ngati waluka yekha.

Phokosoli ndi limene linatilepheretsa kumva ngolo. Mayi wa mabuku ndiye anasuzumira pawindo n'kundikodola. Panja panaima ngolo ya ng'ombe yodzaza matumba a soya, ndipo atcheya anali akutsika, jekete atamanga mabatani. Sanabwere kudzaona ayi, anabwera kudzalowetsa. Monga munthu wamkulu analowera khomo lakutsogolo. Ine ndinamata khutu pamphasa.

"Ehe! Ndinanena ine," anayamba choncho. "Azigogo okhaokha. Ndiye mphasa iyi mwaika kuti mubise zinyalala? Amayi, tayambani kusonkhanitsa..."

Pakona wina anatsokomola. Kutsokomola kwa munthu wokalamba kwambiri, kwapang'onopang'ono, kosafulumira. Anali mayi obereka akazi a atcheya, gogo wa zaka zosawerengeka, amene laibulale anali asanaipondepo chibadwire. Anakhala pamkeka watsopano, zidzukulutudzi zawo zili m'mbali, akusankha mlaza. Amene anakawaitana dzulo lake n'kuwatumizira kabaza m'mawa, musandifunse. Njinga yanga ndiyo ikudziwa.

Akazi anga amati atcheya anavula chipewa, kuwerama mpaka mimba kugunda maondo, n'kutuluka chafutambuyo akuwomba m'manja, osaona kumene akupita, mpaka kugunda tebulo la nyuzipepala. Ine ndinathamangira kukhomo lakuseri. Posakhalitsa anatulukira pakona ya nyumba, thukuta lili kamukamu.

"Iwe nkhalamba, ndiwe mfiti."

"Takulandirani, atcheya. Khomo la azibambo ndi lino."

Anasuzumira. Anaona akabaza, a kubawo, wa golosale, kalipentala, onse atakhala pansi, mipeni m'manja, zipalo za nsungwi zili m'tsitsi, ana akulowa ndi kutuluka pakakhomo. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinamupatsa mpeni wanga ndi nsungwi imodzi. Anafuna kukana, koma kamtsikana kena kanatulukira pakakhomo n'kudzaima patsogolo pake, manja kumbuyo.

"Agogo aakulu akuti mwafika bwanji. Akutinso akudikira nsungwi, musachedwe."

Atcheya anayang'ana mphasa, anayang'ana ine. Kenako anamasula mabatani, kuvula jekete lija, kulipachika pamsomali, n'kukhala pansi ndi kubuula.

"Kawauze kuti ndafika bwino, ndipo ndayamba kale."

Anapala nsungwi zitatu, ziwiri zinabwezedwa. Ali m'kati mwa yachinayi, woyendetsa ngolo anabwera pakhomo kudzafunsa kuti matumba atsitsire kuti. Atcheya sanakweze n'komwe mutu.

"Kawatule m'shedi yanga ya fodya. Kodi sukuona kuti muno muli anthu?"

Mayi wa mabuku anali ataima pampando wake uja, kumene ankaona mbali zonse ziwiri. Anatsika mwakachetechete n'kupita kuchipinda chowerengera, akuti kukakonza tebulo la nyuzipepala. Anatenga nthawi kuposa imene tebulo limafuna, ndipo atabwera maso ake anali ofiira. Ndinamufunsa ngati m'nyuzipepala muli tsabola.

Tinaweruka dzuwa litapendeka, azigogo poyamba, azibambo atadikira kuti njira iyere. Ndinafika kunyumba msana ukundikumbutsa pangano lathu la kudambo. Usiku umenewo, ndikudzola mafuta padzanja lotupa lija, ndinayamba kufotokozera akazi anga mmene nzeru ya mphasa inandibwerera, ndikuwonjezerako pang'ono apa ndi apo. Anandidula pakati.

"Zaka zonsezi mkamwini uja, mwana wa eni ake, ndimangomuona msana. Lero ndamumva akuseka. Kani ali ndi mawu abwino chonchija? Loweruka likubwerali mkeka wanga muuyale pafupi ndi mphasa ija. Ndipo inuyo muzichepetsako pakamwa, mumanditsekereza."